A Chidendene ndi Nsapato za Nsungwi

A Chidendene ankakhulupirira kuti mavuto onse a padziko lapansi amayambira ku nsapato. Munthu akawadandaulira kuti mutu ukumupweteka, iwo ankamuyang'ana kumapazi. Banja likatha, ankati mwamunayo ankavala nsapato zothina, ndiye ankafika pakhomo atakwiya kale. Tsiku lina abusa atalalikira maola atatu, a Chidendene anafotokozera mpingo wonse panja kuti vuto linali nsapato zatsopano za abusawo: zinali zofewa kwambiri, munthu sakanatopa nako kuimirira. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Ngakhale akazi awo ankangoti a Chidendene.

Amene anatopa nawo kwambiri ndi mlamu wawo, Wometa. A Chidendene atangokwatira mlongo wake, anapempha kuti aike kabenchi kawo kosokerapo nsapato pakhonde la shopu yometera kwa sabata imodzi yokha, uku akufunafuna malo. Sabata imeneyo inatha zaka makumi awiri ndi zitatu. Fungo la guluu linkalowa m'shopu kuyambira m'mawa, ndipo nyundo inkayamba kugogoda pa nthawi yeniyeni imene Wometa akuwongola mzere wa pachipumi pa kasitomala. Kangapo konse anakonza mawu owathamangitsira, koma akakumbukira nkhope ya mlongo wake ankawameza mawuwo.

Chimodzi chokha chinkawagwirizanitsa: basiketi, mpira woponya ndi manja uja. Timu ya m'tauniyo inkasewera pabwalo la simenti kuseri kwa sukulu, ndipo Wometa anali wapampando wa masapota. Koma ngakhale pamenepo a Chidendene ankamuchititsa manyazi. Anthu onse akuyang'ana m'mwamba kuti aone ngati mpira walowa mu ringi, iwo ankakhala pansi m'mphepete mwa bwalo, maso ali pamapazi a osewera.

"Alamu, tapambana?" ankafunsa masewera akatha.

"Munali kuti inu?"

"Ndinali pompano. Nambala seveni uja akupondera kunja. Sabata ziwiri sizitha, bondo limuvuta."

Chopsetsa mtima n'chakuti nthawi zina zinkachitikadi.

Chaka chatha kochi anabweretsa wosewera watsopano, wamtali moti ankawerama polowa pakhomo lililonse. Anthu anamutcha Nsungwi tsiku lomwelo. Anachokera kutali, ndipo timu inamupatsa kachipinda, inamupezera malo pasukulu ya ntchito zamanja, n'kumupatsanso yunifomu ndi nsapato zoyera mbee. Wometa anauza aliyense wokhala pampando wake kuti chikho chafika.

Chikho sichinafike. Nsungwi ankathamanga ngati munthu woponda pamakala. Akalumpha, ankatera cham'mbali n'kugwa. Pamasewera khumi ndi awiri anagoletsa kanayi, ndipo kamodzi mwa kanayiko mpira unangomugunda pamutu n'kulowa wokha.

Lolemba lililonse shopu yometera inkasanduka bwalo la milandu.

"Mwana uja manja ake ndi a sopo," anatero Mayi Telala, amene ankasoka zovala m'shopu yoyandikana nayo ndipo pabwalo mawu awo ankaposa wenzulo. "Utali ndi wa chiyani ngati munthu sagwira mpira? Mwina timubwereke azitikolowolera zovala pachingwe."

"Mupatseni nthawi, mayi," anatero Dalaivala, amene ankabwera kudzameta ngakhale tsitsi lisanamere. "Galimoto yatsopano suithamangitsa tsiku loyamba. Zaka ziwiri zikubwerazi mudzamuimbira nyimbo."

"Zaka ziwiri tikhale tikugonja? Inu mungadikire pasiteji zaka ziwiri?"

Wometa anazimitsa mashini kuti onse amve. "Ine mitu ndimaidziwa. Ndagwira mitu zaka makumi atatu. Vuto la mwana uja lili m'mutu. Ndi wamantha. Akaona anthu, mtima umachoka."

Pawindo panatulukira nkhope ya a Chidendene, misomali iwiri ili pakamwa.

"Nsapato," anatero.

"Alamu, chonde."

"Zikumuthina. Munthu uja akusewera atapinda zala."

Shopu yonse inaseka. Akanakhala munthu wina mwina akanamumvera, koma awa anali omwe aja ananena kuti mvula inachedwa chifukwa owerenga zanyengo pawailesi amavala nsapato zazitali zidendene. Komabe Dalaivala tsiku lina anamufunsa Nsungwi pamsewu ngati nsapato zikumuthina. Mnyamatayo anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ayi bambo, zikundikwana bwinobwino." Nkhani inathera pomwepo kwa aliyense, kupatula a Chidendene.

Loweruka lina m'mawa Nsungwi anabwera kudzameta, atavala nsapato zomwezo za timu, poti analibenso zina. Wometa anamufunditsa nsalu n'kuyamba ntchito. Sanaone kuti mlamu wake walowa chokwawa, katoni m'dzanja, pensulo pakamwa. A Chidendene anamasula chingwe mwakachetechete, anasolola nsapato, anaika phazi pakatoni n'kuyamba kulizunguliza ndi pensulo. Pensulo itafika pakati pa phazi, Nsungwi anadumpha ndi kunyerenyetsa, ndipo mashini anatsegula msewu kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo.

"Alamu! Mwaona zimene mwachita?"

"Taonani zikhadabo izi, alamu. Tangowerama pang'ono muone."

"Ine ndikuona mutu. Tulukani m'shopu mwanga."

Nsungwi anavala nsapato yake mwachangu ngati munthu wobisa chinthu chakuba. Tsiku limenelo anasewera ndi mpala, anagwa katatu, ndipo timu inagonja. Wometa sanawayankhule a Chidendene masiku anayi. Iwo sanazindikire n'komwe, ankangomuyankhula monga mwa masiku onse.

Kutatsala masewera amodzi kuti ligi ithe, kochi ananena kuti akatha masewerawo adzasankha otsala ndi opita. Masapota analemba kalata yopempha kuti Nsungwi akhale woyamba kupita. Mayi Telala ndiwo analemba, masamba awiri odzaza, ndipo panatsala kuti wapampando asainire basi. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake: mnyamatayo akachotsedwa, kachipinda kapita, sukulu yapita, abwerere kwawo ndi chikwama chake. Wometa zinamukhudza pang'ono, koma anadziuza kuti timu si malo olerera ana. Anaika kalatayo kuseri kwa galasi, kuti asainire pamsonkhano wa Lachisanu.

Sabata imeneyo ndi imene Wometa anawapatsa a Chidendene nsapato zake zachikopa zofiirira, zimene anagula mwana wake wamkazi akumaliza maphunziro, kuti angokhomerera chidendene chimodzi. Lachiwiri masana anatuluka pakhonde kukazitenga. Anapeza malilime a nsapatozo okha ndi zingwe. Chikopa chonse chinali chitadulidwa bwinobwino m'zidutswa.

Apa ndiye Wometa anakhuthula za zaka makumi awiri ndi zitatu. Anayambira pa sabata imodzi ija. Anatchula guluu, anatchula nyundo, anatchula mpala wa Nsungwi, anatchula makasitomala amene anathawa chifukwa chouzidwa kuti akazi awo adzawasiya akapanda kusintha soli. A Chidendene anali atatsamira khoma, chipewa chitatsikira kumaso, osayankha. Wometa anayamba kumva kukoma, poti aka kanali koyamba kupambana mkangano ndi mlamu wake. Kenako anaona kuti singano yagwera pansi ndipo dzanja lawo likungolendewera.

Dalaivala anatsitsa anthu onse m'galimoto n'kuwathamangira nawo kuchipatala. Anamwalira mawa lake m'mawa, osanenanso kanthu.

Msonkhano wa Lachisanu unaimitsidwa. Kumaliro kunabwera anthu ambiri, ndipo Wometa anadabwa kuona kuti pafupifupi aliyense anabwera atapolisha nsapato, ngati akuopa kudzudzulidwa.

Patapita masiku, mlongo wake anamupempha kuti akalongedze za pakhonde zija. "Ine sindingathe, achimwene. Ndikangomva fungo la guluu ndiyamba kulira."

M'bokosi la pansi pa benchi anapezamo nsapato imodzi yakumanzere, yaitali ngati mkono. Kumbuyo kwake kunali kwa nsapato yakale ya basiketi, kutsogolo kunali chikopa chofiirira chimene anachizindikira nthawi yomweyo, pansi pake mphira wa tayala wosemedwa mosamala. Inali yonyansa, koma yosokedwa bwino kwambiri. Pambali pake panali zidutswa za inzake yakumanja, zodula kale koma zosasoka. Pansi penipeni panali katoni ija. A Chidendene anali atamaliza kujambulapo phazi la Nsungwi, ndipo mkati mwake anajambulamo soli ya nsapato ya timu. Phazi linapitirira nsapato ndi zala zitatu za m'manja.

Wometa anatuma uthenga kuti Nsungwi abwere.

"Khala apo. Vula."

"Bambo, zikundikwana bwino..."

"Ndati vula."

Zala zinali zopindikira pansi, zikhadabo zakuda, ziwiri zitachokeratu. Wometa anayang'ana kumbali.

"Bwanji sunanene, mwana iwe?"

"Tsiku loyamba kochi anati nsapato zimene timu inalandira zimalekezera pa saizi thwelofu, amene sizikumukwana adzionere yekha. Ine ndilibe pogula zina. Ndinaopa kuti ndikanena andibweza kwathu."

"Ndiye miyezi isanu ndi umodzi wakhala ukuthamanga chonchi?"

"Agogo osoka nsapato aja anati ndisadandaule, akonza. Anati chikopa chabwino achipeza kale."

"Anachipezadi," anatero Wometa, n'kupukuta mphuno.

Masewera omaliza anali atatsala masiku atatu. Wometa anapita nazo zidutswa zija kwa Mayi Telala, koma mashini awo anathyola singano ziwiri pachikopacho. Ndiye Wometa anakhala yekha pakabenchi kaja, kamene anakhala akukatukwana zaka zonsezi, natenga singano ya ngowe ndi ulusi wopaka phula. Mayi Telala ankaima pambali n'kumamulangiza mokalipa. Anadzibaya zala zonse kupatula chaching'ono. Makasitomala ankabwera, n'kumupeza ali ndi misomali pakamwa, n'kubwerera ndi tsitsi lawo. Ankasoka uku akung'ung'udza: "Munthu wanji wofa atasoka nsapato imodzi? Ngakhale kufa, alamu, mwafa mosokoneza anthu."

Nsapato yakumanja inatuluka yokhota, mphuno yake italoza panja pang'ono.

Loweruka, masewera asanayambe, Mayi Telala anakumbukira. "Apampando, kalata ija ili kuti? Kochi akuidikira."

"Ili m'bwalomo, mayi."

"M'bwalo muti?"

"Mkati mwa nsapato yakumanja ya Nsungwi. Soli inali yopyapyala, misomali imamubaya. Munalemba masamba awiri, anakwana bwino."

Mayi Telala anatsegula pakamwa, anatsekanso. Pa mbiri yonse ya msewu umenewo, zimenezi zinali zisanachitikepo.

Nsungwi atalowa m'bwalo ndi nsapato zofiirira kutsogolo, masapota a timu inayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma anathamanga. Anthu anali asanamuonepo akuthamanga. Sanagwe ngakhale kamodzi, ndipo mipira yobwerera kuchokera pa ringi anaitola khumi ndi umodzi, anzake akungolumpha pachabe m'munsi mwa khwapa lake. Kuponya kokha ndiye kunali komwe kuja: anaponya kasanu ndi kanayi, unalowa kawiri. Timu inagonja ndi mapointi atatu. Kochi anayang'ana nsapatozo nthawi yaitali, kenako anati mnyamatayo atsale chaka china.

Mkangano wa Lolemba sunathe. Mayi Telala akuti miyendo yachira koma manja akadali a sopo. Dalaivala akuti ananena kale, zaka ziwiri. Chasintha ndi pakhonde. Nyundo sikugogodanso, mizere ya pachipumi ikutuluka yowongoka, ndipo Wometa akudandaula kuti m'shopu mwachita zii moti mashini akumusokosera. Kabenchi sanakachotse. Akuti akachotsa sabata yamawa. Anthu a mumsewuwo tsopano akuyenda ndi soli zoyasama, ndipo palibe amene amawauza kuti mabanja awo ali pangozi. Kasitomala akalowa, Wometa amadzipeza akumuyang'ana kumapazi asanamuone mutu, n'kudzikwiyira yekha.

Pabwalo sakhalanso pampando wa wapampando. Amakhala pansi, m'mphepete muja. Sabata yatha Nsungwi anaphonya mpira wophweka ali yekhayekha pansi pa ringi, ndipo Mayi Telala anatembenuka manja ali m'chiuno.

"Apampando, pano ndiye munena kuti chiyani? Si mutu umenewo?"

Wometa sanayang'ane m'mwamba.

"Nsapato," anatero. "Yakumanzere ilibe vuto, anasoka ndi alamu. Ndi yakumanjayo. Ndinasoka ndine."