Nkhondo ya Nyimbo Yothamanga

M'masiku amene nyimbo zinatuluka m'makaseti n'kuyamba kuyendayenda mumphepo ngati mizimu yosowa manda, pamene munthu ankatha kunyamula oimba a dziko lonse m'thumba la malaya osamva kulemera, mumsika wa nsomba wa mumzinda wa padoko wa Mokpo munabuka nkhondo imene ogulitsa nkhanu amaisimbabe akamapumula.

Ngwazi yathu ndi Tak Man-sik, Mdulamakiyi, Mpulumutsi wa Odzitsekera Panja, amene kabenchi kake kanali pakhomo la msikawo. Ali mnyamata anajambulitsa kaseti imodzi yokha, ndipo makaseti ambiri anakalambira pansi pa bedi. Nyimbo yake yaikulu, ya bwato lochedwa kubwerera, anaipekera mkazi wake, amene tsopano anagona m'manda kuphiri. Za mkaziyo iye sankanena, nafenso tisanene.

Moyang'anana naye munkalamulira Mayi Yeom Bok-ja, Mpeni Wosagona, Mliri wa Nsomba, amene nkhanu zinkaleka kukwawa zikamva mapazi awo. M'mawa wina mayiwa anakoloweka chimkuzamawu pamwamba pa malonda awo, nachilumikiza ku foni, ndipo munatuluka nyimbo imene anaitola ulere pa intaneti: kamawu kopyapyala, kothamanga ngati kakuthawa ngongole. Ogula anagwedeza mapewa, nsomba zinatha dzuwa lisanafike pamutu.

Tak anaimitsa makina ake. Mawu a nyimboyo anali akeake. Munthu wina wosaopa Mulungu anaikopera pa kaseti ndi wailesi yothamanga mopitirira, nadula ndime yomaliza, nalemba pamwamba pake kuti woimba sadziwika. Ngwaziyo inavula magalasi, inadzisasa fumbi la mkuwa, ndipo inawoloka kanjira ka madzi a nsomba monga mkulu wa asilikali awolokera mtsinje wa malire.

"Mayi Yeom! Tamverani, inu ndi nkhanu zanu! Nyimbo mwaipachika pamwamba pa mitu ya nsombayo ndi yanga. Ndinaipeka ndine, ndinaiimba ndine, ndinagulitsa njinga kuti ijambulidwe, ndipo lero ikukugulitsirani malonda mwini wake osalawa ngakhale chipsepse!"

"Yanu? A Tak, mwadzuka bwino koma? Akuimba apayu ndi mtsikana. Inu mukangotsokomola agalu amasamuka."

"Aithamangitsa!"

"Nanga ndabera ndani? Inali poyera, aliyense akutola. Mvula ikagwera mu ndowa yanga ndikalipire mitambo?"

"Mitambo siidya mpunga, mayi. Ine ndimadya."

Motero nkhondo inayamba. Nyimbo ikangolira, Tak ankaliza makina ake odulira makiyi, kupala chitsulo chosalakwa mpaka mano a anthu kuchita dzanzi. Mayi Yeom ankakweza chimkuzamawu mpaka madzi a m'mabeseni kunjenjemera. Msika unagawikana pakati: a nsomba zouma anaima ndi Mdulamakiyi, a nsomba zaziwisi ndi Mpeni Wosagona, ndipo wogulitsa kimchi, kabichi wowawasa wa tsabola, munthu wamtendere, ankavomereza mbali zonse ndi mutu.

Koma tsoka silisankha mfumukazi. M'mawa wa tsiku la msika waukulu kiyi wa firiji ya Mayi Yeom anathyokera mu loko, nsomba zonse zili mkati, ogula ali pamzere. Mayiwa anawoloka malire aja manja ali kumbuyo.

"Achimwene a Tak, mwadzuka bwanji? Kalokotu kavuta."

"Pepani kwambiri," anatero Tak, osadzutsa mutu. "Katoleni kiyi waulere pa intaneti. Ndamva kuti zonse zili poyera."

Phokoso limene linatsatira linadzutsa Bambo Bang, wapampando wa msika, Mweruzi wa Masikelo, amene anabwera akutafunabe. Atamva mbali zonse analamula kuti foni iimbe, ndipo Tak aimbe nayo, anthu adzimvere okha.

Foni inathamanga, Tak anayenda. Mawu ake anali okuya, okhala ngati akutuluka pansi pa mbiya, ndipo kamtsikana kosadziwika kaja kanamusiya kutali, kanafika pamene anakadulira, kanakhala chete. Koma Tak sanaime. Anaimba ndime imene munalibe mu foni iliyonse pansi pa thambo: bwato likufika, nyale imodzi padoko, munthu amene anadikira akunamizira kuti amangodutsa. Mipeni inaleka kugunda pamatabwa. Mayi Yeom anapukuta maso n'kudandaula za anyezi, ngakhale kuti mumzere wonsewo munalibe wogulitsa anyezi.

"Chaulere n'chimene mwini wake wapereka," anagamula Bambo Bang. "Ichi sanapereke. Mayi, fufutani. Bambo, tsegulani."

Mtendere unachitika mwaulemu wosaneneka. Mayi Yeom anasamba chala kuchotsa mamba, akuluakulu a mbali zonse anagwira foni, ndipo nyimbo yakuba inafufutidwa msika wonse uli chilili. Tak anatsegula firiji ndi kawaya, nsomba zinatuluka mu ukapolo. Chimkuzamawu anachiveka nkhata ya ndere zouma, anachizungulitsa msika monga mdani wogwidwa, kenako anachimwetsa mowa wa mpunga, ndipo sichinalankhulenso. Pangano linali lakuti Tak aziimba yekha m'mawa uliwonse pa malonda a Mayi Yeom, dzina lake litalembedwa pachikatoni pamwamba pa nkhanu, ndipo malipiro ake akhale nsomba imodzi, yosankha woimba, osati wogulitsa.

M'mawa mwake ogula anamvetsera mwaulemu, koma mayi wina ananong'ona kuti yeniyeni ija inkavinika bwino.

"Mwamvatu, a Tak?" anatero Mayi Yeom. "Tafulumizaniko pang'ono, nsomba zikugona!"

"Kufulumira kuli ndi mtengo wake, mayi. Muwonjezere nkhanu."

"Mbava inu! Imbani choncho."

Anaimba choncho mpaka ndime yomaliza, nasankha nsomba yonenepa kuposa zonse, Mayi Yeom akuyang'ana kumbali ngati akuwazula dzino. Kunyumba anaiwotcha yonse, ngakhale wodya anali mmodzi, ndipo potembenuza nsombayo ankang'ung'udza nyimbo ija pang'onopang'ono, liwiro limene mwini wake weniweni, wogona kuphiri uja, ankalikonda.