A Chidendene ndi akuluakulu awo

Taganizani m'mawa wamba wa tsiku la ntchito. Mashopu sanatsegule, osesa akukokera zinyalala pakona, ndipo pakhonde la sitolo ya zitsulo pafupi ndi msika, bambo wina wamtali, wouma ngati chingwe, akuyala zida zake pathumba: nyundo, singano, guluu, kachitini ka misomali. Amenewo ndi a Chidendene, osoka nsapato, amene anatisiya chaka chatha. Dzinalo analipata chifukwa akakumana ndi munthu ankayamba kumuyang'ana kuchidendene, nkhope pambuyo. Koma chimene tauni yonse inkawadziwa nacho n'chakuti mwana wakhanda ankamulankhula ngati munthu wamkulu waulemu wake, osaseka ngakhale pang'ono.

Iwo ankanenetsa kuti za ana alibe nazo ntchito. "Ine ndimasoka nsapato," ankatero. Koma asanalowetse n'komwe ulusi pasingano, mayi wogulitsa tomato ankatulukira, n'kutsitsa mwana pambali pa nsapato zodikira.

"Agogo, tandionerani kaye uyu. Ndikubwera."

Mawu akuti "ndikubwera" tonse timawadziwa: amanena ndi munthu amene akupita. Pambuyo pake ankafika mayi wokolopa ku maofesi a khonsolo, nayenso akubwera. Kenako kondakitala wa minibasi, amene mkazi wake anakhalitsa m'chipatala, atanyamula mapasa ngati katundu wa eni ake, nayenso akubwera. Sukulu zamkaka zinalipo m'tauni, koma zinali zolipira. Yaulere ya khonsolo inali imodzi yokha, kutsidya, yodzaza kalekale.

A Chidendene ankayang'ana mwanayo, mwanayo n'kuwayang'ananso.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Kunyumba kuli bwanji?"

Mwanayo ankatulutsa thovu kukamwa.

"Zoona, zinthu zavuta. Khalani apo."

Mwana akalira sankamunyengerera. Ankaika nyundo pansi n'kumvetsera mpaka amalize. "Dandaulo lanu ndalimva, mayi. Koma za mkaka si dipatimenti yanga." Chodabwitsa n'chakuti ana ankatonthola, mwina chifukwa chosowa choyankha.

Dzuwa litapendeka, wa tomato uja ankafika ali wefuwefu. "Agogo, sindinachedwe eti?"

"Ayi ndithu. Chichokereni inu angomera dzino limodzi lokha."

Tsiku lina kalaliki wa kubanki anavula nsapato kuti amukhomere chidendene msangamsanga. Atacheuka anaipeza ili m'kamwa mwa mmodzi wa mapasa aja.

"Madala, n'chiyani chimenechi?"

"Akuyesa chikopa. Akuti n'chabwino."

"Khomani, ndikufulumira ine!"

"Tsitsani mawu, achimwene. Abwana agona kumbuyoku. Nyundo ilira akadzuka."

Kalalikiyo anaima ndi mwendo umodzi mpaka abwana anadzuka.

Ife aphunzitsi, ana a pakhonde limeneli tinkawazindikira tsiku loyamba lomwe la sukulu. Ukati ukafunse dzina, kamwanako kankayamba ndiko kukufunsa za kunyumba.

Koma maso a mkuluyu anali atayamba kuchita nkhungu. Singano inkalowa pachala, ulusi ankalowetsa mongoganizira. Masana ena anamva kuti pakhonde pali zii, ndipo aliyense amene analerapo mwana amadziwa kuti zii si mtendere. Anapapasa n'kupeza kachitini ka misomali kali kotsegula, tsaya la kamtsikana koyenda ka mayi wokolopa uja litafufuma.

"Mayi," anatero mwaulemu, atatambasula dzanja, "katunduyo ndi wa kampani. Bwezani."

Mwanayo analavulira msomali m'dzanjamo. A Chidendene anathokoza, n'kutseka kachitiniko, koma tsiku limenelo sanasokenso. Mwana wawo wamkazi atamva anabwera yekha.

"Ababa, basi zakwana. Longedzani, muzikakhala kwathu."

"Nanga akuluakuluwa ndiwasiyire ndani?"

Funso limeneli ndi limene linawapititsa ku khonsolo. Anapempha kuonana ndi mkulu woona za chitukuko, kuti amufunse ngati khonsolo singatsegule malo ena aulere olerera ana kufupi ndi msika. Mkuluyo anamvetsera bwino, akugwedeza mutu. Kenako anaimirira, n'kukoleka jekete pampando.

"Ndikubwera, madala."

A Chidendene mawuwo ankawadziwa kuposa wina aliyense m'tauni. Anatsanzikana ndi jeketeyo mwaulemu, n'kumapita. Ulendo wotsatira anauzidwa kuti nkhaniyo ikuunikidwa, ulendo wina kuti ikuunikidwabe. "Nyali yawo yafanana ndi maso anga," anauza mlonda wa pageti.

Ndiye linafika tsiku limene makhansala amakambirana za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za chaka, anthu wamba n'kuloledwa kumvera nawo. Nkhani inali pa mpanda watsopano wa maofesi, ngati ukhale wa njerwa zokongoletsa kapena wa waya, pamene chitseko chinatseguka. Analowa a Chidendene, khanda m'manja, ana oyenda ali pambuyo atagwirira chingwe chachitali cholumikiza zingwe za nsapato.

"Olemekezeka, ndabwera ndi eni nkhani. Ine kulankhula sinditha."

Anayenda mopapasa mpaka kutsogolo, n'kuika khandalo pamiyendo pa wapampando. Mapasa anawapereka kwa mkulu wa jekete uja.

"Ndikubwera," anatero, n'kutuluka.

Makolo anali atagwirizana nazo kale, ndipo amene anatha kuzemba kuntchito anali kuseri kwa mawindo akusuzumira. A Chidendene anakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kusoka nsapato ya mlonda. M'katimo mwana wina anagwira maikolofoni n'kupereka maganizo ake, wina anakwawira pansi pa tebulo, mapasa anayamba nyimbo ya mawu awiri. Akutero amene anaona kuti khansala wina wachizimayi anangopinda manja n'kunena kuti, "Pitirizani, abambo. Tinali pa mpanda."

Posakhalitsa wapampando anatuluka, khanda atalinyamulira patali, buluku litanyowa bondo limodzi.

"Madala! Mwana uyu ndi wa ndani?"

"Ndi wa m'dera lanu, bwana."

"Mayi ake ali kuti?"

"Akukolopa ofesi yanu."

"Ndiye ine ndigwira bwanji ntchito ndi mwana m'manja?"

A Chidendene anakoka ulusi, n'kuudula ndi mano. "Funso limenelo, bwana, mukalinene m'katimo. Ndi limene tabwerera."

Sizinatheke tsiku lomwelo. Za khonsolo siziyenda choncho. Panali kukangana, panakhala komiti, kenako komiti ina younika komiti yoyambayo. Koma mpanda unakhala wa waya, ndipo chipinda chosungiramo mipando yothyoka kuseri kwa msika chinasesedwa, n'kupakidwa utoto. Anayalamo mphasa, nalemba alezi awiri olipidwa ndi khonsolo. Tsiku lotsegulira, alendo akulankhula panja, a Chidendene anali m'kati chogwada, akupapasa pansi ponse ndi zikhatho. Atakhutira kuti mulibe chobaya, anaimirira n'kugwira chanza mwana aliyense.

"Ndagwira nanu ntchito bwino, akuluakulu. Pamene ndinalakwa mundikhululukire."

Mmodzi wa mapasa anagwira mwendo wa buluku lawo osausiya. A Chidendene anaima nthawi yaitali, akuyang'ana kudenga ngati pali chimene akuwerenga.

"Bambo," anatero potsiriza, "zimenezi musachite pagulu."

Anakakhala kwa mwana wawo, ndipo kumeneko ndi kumene anatsikira kuli chete, m'nyengo yozizira. Pakhonde paja tsopano pali wogulitsa machaja a foni ndi wailesi yake yosatseka pakamwa. Pansi pakuonekabe pakuda ndi polishi pamene ankakhala, ndipo wogulitsayo, ngakhale sanawaonepo, tebulo lake amaliika chapambali. Amayi akamadutsa m'mawa ndi ana kumsana, ena amachepetsa liwiro pang'ono, kenako n'kupitirira kuseri kwa msika.

Chaka chino khonsolo yatsegula chipinda chachinayi chotere, pafupi ndi depoti ya basi. Mwana aliyense wosafika msinkhu wa sukulu amalandiridwa, ndipo kholo silipereka kalikonse.