Mawu a apongozi anga afika m'mabala

Sabata ino ndi yachitatu ndikugona pa matumba a feteleza m'shopu imene ndimagwirako ntchito pa Sinda, ndipo sindikuona chizindikiro chakuti yachinayi idzasiyana. Sindingaloze munthu chala. Ndinadzikumbira ndekha, ndi foni yanga yomwe.

Zinayamba ndi Lazaro, mnzanga woyendetsa minibasi pakati pa Sinda ndi Katete. Tsiku lina anandimvetsa nyimbo imene inandiimitsa mutu: pamwamba mayi akuimba mwachisoni, pansi ng'oma ndi magitala a nyimbo ina yovina. Zinthu zosadziwana, koma zikuyenda pamodzi ngati zobadwa mimba imodzi.

"Amati mikisi," anatero Lazaro. "Uchotsa mawu uku, utenga biti uko, uphatikiza. Pa foni pomwepa."

Anandiikira kapulogalamu kake. Kuyambira tsikulo makasitomala ankachita kugogoda pa kauntala kuti ndidzutse mutu (wina anapempha mbewu ya repu, ndinamupatsa mankhwala a thonje).

Tsono ine ndine mkamwini. Ndimakhala kumudzi kwa mkazi wanga Tisa, nyumba yathu moyang'anana ndi ya apongozi, aNambewe. Iwowa ndiwo amatsogolera nyimbo m'chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, ndipo zaka zonse ndakhala pamudzipo sitinayang'anepo m'maso. Akamabwera m'njira, ine ndimapatukira m'chimanga.

Apongoziwo anapeka nyimbo yodzudzula mowa. Amayi a m'chigwirizanowo anaijambula pa foni ya Tisa poyeserera, popanda ng'oma, ndipo Tisa anandipatsa kuti ndiwaikire pa memori khadi. Ndinayamba ndaimvetsera. "Tula chikho, mwana wanga, tula chikho ubwerere kwanu." Mawu oyera, opanda chowasokoneza. Ndinangoti ndiyese pang'ono, sindisunga.

Ndinaika pansi pake biti ya rumba. Abale anga, zinakwanirana ngati chivundikiro ndi poto wake. Chimwemwe chitandikwera, ndinajambulanso mawu anga kumapeto: "Mkamwini wa pa Sinda pa mikisi!" (Apa ndiye mungathe kusiya kundimvera chisoni.) Ndinatumizira munthu mmodzi yekha.

"Usapatse munthu, Laza."

"Ine? Ndipatse ndani?"

Patapita masabata awiri, apongozi anafuna kupita ku Katete kukayezetsa maso, ndipo Tisa anati ndiwaperekeze. Tinakwera minibasi ina, osati ya Lazaro. Iwo anakhala kumbuyo kwa dalaivala, ine kumpando wotsiriza, mwaulemu wake. Tisanafike patali, dalaivala anatsegula wailesi.

Ndinaizindikira pa kugunda koyamba. Ndinayang'ana zenera, koma linali la mtundu wosatseguka.

"Iyi ndiye yagwira!" anakuwa bambo wina wa chipewa, amene anakhala phewa ndi phewa ndi apongozi. "Ku bala kwathu akaiika, aliyense botolo m'mwamba. Akati tula chikho, ndiye kuti maliza, uitanitse china!"

"Mayi ameneyu ayenera kuti amamwa zenizeni," anawonjeza wina. "Mawu otere sabwera ndi madzi."

Basi yonse inaseka. Apongozi anangokhala mowongoka, manja pa chikwama, duku losagwedezeka. Kenaka anafunsa kondakitala mofatsa, "Mwanangu, anapanga zimenezi ndani?"

"Dikirani amayi, amadzitchula yekha kumapeto."

Ndipo ndinadzitchuladi, mokweza, m'masipika anayi. Apongozi anatembenuka pang'onopang'ono, nkundiyang'ana m'maso koyamba. Ndinawanyamulira chikwama tsiku lonse ku Katete. Dokotala anati maso awo ali bwino ndithu, zimene ine ndinali nditadziwa kale.

Madzulo ake Tisa anandiikira zovala m'thumba la ufa. Sanakuwe, ndipo ndikanakonda akanakuwa.

"Amayi anaimba kulirira mchimwene wanga amene mowa unamutenga. Inu mwawaimbitsa pa bala kuti zidakwa ziziwavinira. Pitani, foni yanuyo ikuphikireni."

Lamlungu lotsatira akulu a mpingo anawapempha apongozi kuti ayambe apuma kutsogolera nyimbo mpaka nkhani imveke bwino. Munthu amene sanalawepo ngakhale thobwa logona! Ndinathamangira kwa Lazaro kuti afufute. Anafufuta pamaso panga, ndiyeno nkuvomera kuti anapatsako madalaivala atatu okha. Dzulo wogula mbewu wina wochokera ku Vubwi analowa m'shopu akuiimba mluzu. Nyimbo sungapite khomo ndi khomo kukailanda.

Chiyembekezo changa chotsala chinali malume anga, amene ndiwo ankhoswe, mkulu wa mpingo kwawo. Anabwera Lachiwiri, nakhala pa thumba la mbewu, nandikalipira mpaka thukuta. Kenaka anati sangakapepese pa chinthu chimene sanachimve. Ndinawaikira. Anamvetsera maso ali chotseka, nkhope yokwinya, mpaka kumapeto.

"Walakwa kwambiri, mphwanga. Ukwati umenewu sindikulonjeza." Atatero, anatulutsa foni yawo m'thumba la jekete. "Koma tanditumizira, ndikaimvetsetse bwino kunyumba."

Munthu wophunzirapo kanthu akanakana. Ine ndinangowafunsa ngati akufuna yomweyi kapena ina imene ndinapanganso, ya ng'oma zambiri.