Mphete Imene Ndinaipeza Padenga

Zinachitika Loweruka lomaliza la mwezi wa Okutobala, dzuwa litangolowa, pabwalo la kwathu ku Nsaru. Analipo ndi aphunzitsi opuma a Kamtambe, malume anga a Lufeyo, anthu ena a m'mudzi, ndi ine Tamandani, amene sukulu ndinalekezera Fomu 1. Nkhaniyi ndi yochititsa manyazi, koma ndiilemba yonse.

A Kamtambe anali ndi telesikopu, chida choonera zakumwamba. Popeza amasamukira kutauni, analonjeza kuisiyira amene apeze pulaneti yovala mphete pogwiritsa ntchito timikombero tiwiri ta manambala tapachitsulo chake. Ukaipotoza mpaka manambala a pulanetiyo alunjike pa timivi, pulaneti imaoneka yokha, osasakasaka. Ine ndinatsimikiza mtima kuti telesikopuyo isapite kwa wina.

Ndinaphunzira kagwiritsidwe kake pa vidiyo ya mufoni ya malume. Mzungu wa mmenemo anati poyamba ulozetse chitsulo chapakati ku nyenyezi ya kumpoto, imene siyenda. Ndinaipeza! Yofiira, yosasuntha, m'munsi ndithu. Ndinapotoza mpaka manambala analunjika. Telesikopu inawerama, koma sindinakayike. Nditasuzumira, ndinaona chinthu chozungulira.

"Mphete ija iyi!" ndinatero.

Malume anandikankhira pambali nasuzumira.

"Mwaiona, eti malume?"

"Ndaliona! Ili ndi tayala la ngolo yanga lija linasowa m'dzinja! Lili padenga la a Chikuse, lapsinja malata!"

A Chikuse, amene anali pamzere kudikira kuona zakumwamba, anakumbukira mwadzidzidzi kuti sanatsekere mbuzi.

Anthu anaseka mpaka misozi. A Kamtambe anandifunsa modekha kuti, "Kodi mwanangu, unaloza kuti?"

Ndinawaonetsa nyenyezi yanga.

"Imeneyo ndi nyali ya tawa ya mafoni! Nyenyezi ya mzunguyo kuno sioneka. Ife timaloza kummwera."

Ndinasowa poyang'ana, koma sindinachoke. Ndinatembenuzira chitsulo kummwera monga anandilangizira, ndi kuyambiranso. Ulendo wachitatu mphete yeniyeni inaoneka, yaing'ono ngati kanjere ka mpunga. A Kamtambe anandisiyira telesikopu.

Chovuta tsopano n'chakuti anthu amabwera kudzafunafuna zawo zosowa, palibe amene amabwera kudzaona mapulaneti. Dzulo lomweli amayi ena anagogoda n'kunena kuti, "Mwanawe, tandipotozereko manambala a nkhuku yanga yosowa."

Ndaphunzira kuti munthu wa mufoni akamaloza kumwamba, uyambe wadziwa kumene waima.

Inu owerenga, pamene ndalemba molakwika chonde mundikonzere, monga anandikonzera a Kamtambe.