Masiku Abodza a Bambo Bong

Pa chilumba chathu cha Geoje, aliyense amene anagwirapo chitsulo akudziwa kuti malemu Bong Chun-bae sankanena tsiku loona. Pa zina zonse anali munthu wachilungamo. Mukawafunsa ngati mwanenepa, ankakuuzani mosapsatira. Koma mukangowafunsa kuti ntchito yakutiyakuti ithe liti, bodza linkatuluka lokha ngati mpweya, ndipo kampani inkawalipira mwezi ndi mwezi chifukwa cha bodza limenelo.

Iwo ndiwo ankakonza ndondomeko ya ntchito kumalo athu okhomera sitima zapamadzi. Sitima sikhomedwa ndi gulu limodzi. Amayamba odula zitsulo, kenako owotcherera, kenako a mapaipi ndi a magetsi amalowa m'mimba mwake, ndipo ife openta timabwera kumapeto kudzabisa machimo a onsewo. Gulu limodzi likachedwa, onse a pambuyo pake amangokhala manja lende. A Bong ndiwo ankauza gulu lililonse tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza. Ine ndinali kapitawo wa openta, choncho kuchedwa kwa munthu aliyense kunkathera pamutu panga.

Anali munthu wamfupi, wa nkhope yachisoni ngati wangochokera kumaliro, ndipo chipewa chawo chachitsulo chinkawafika m'makutu. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi. Ankati, "Munthu ukamupatsa sabata, amadya sabata yonse n'kunyambita mbale. Ukamupatsa mwezi, amadyanso mwezi wonse, mimba yake yomweyo." Ndiye kapitawo aliyense ankalandira tsiku lakelake, loyezedwa molingana ndi ulesi wake.

Lolemba lililonse m'mawa tinkakumana mu ofesi yawo, ndipo malonda ankayamba. Wotsogolera mkangano nthawi zonse anali a Tak, kapitawo wa owotcherera, chimunthu cha khosi ngati la ng'ombe.

"Akulu, mbali yakutsogoloyi mukuifuna liti?"

"Lachinayi."

"Lachinayi lanu, kapena la pakalendala?"

"Lachinayi ndi Lachinayi, mphwanga."

"Ndiye kuti Lolemba linalo."

"Ukabweretsa Lolemba ndikutsekera m'thanki, ukatulukire kwa Azungu."

"Chabwino, Loweruka. Ndakumverani chisoni chifukwa cha ukalamba."

A Bong ankausa moyo ngati alandidwa munda, n'kulemba Loweruka pabolodi. A Tak ankatuluka akuyenda ngati tambala, akuuza aliyense kuti awabera akuluwo masiku awiri. Pamene mbaliyo a Bong ankaifuna pakati pa sabata inayo.

Vuto linali lakuti tonse tinkadziwa kuti amanama, ndiye tinkawonjezera masiku m'mutu. Iwonso ankadziwa kuti timawonjezera, ndiye ankachotsanso ena. Ife titazindikira kuti akuchotsanso, tinawonjezeranso. Zinafika poti tsiku lina anandiuza kuti ndiyambe kupenta sitima imene zitsulo zake zinali zisanafike n'komwe.

"Akulu, ndipente chiyani? Mphepo?"

"Waona? Usanayambe wayamba kale kupereka zifukwa."

Matendawa sankathera kuntchito. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, Hye-rin, anayeza mlendo aliyense ngati kapitawo. Mng'ono wawo, amene ankadziwika ndi kuchedwa, anamuuza kuti mwambo uyamba m'mamawa. Koma dzanja linazolowera, moti nawonso a kuchimuna, banja la aphunzitsi lochokera ku Daegu, anawachotsera maola angapo. Anthu aja sankadziwa za masiku a Bong, komanso anali osunga nthawi mochititsa mantha. Anafika pa holo ukwati wa anthu ena uli mkati. Olandira alendo anawaweramira, iwonso anawerama, n'kukhala mipando yabwino. Azakhali a mkwati anayang'anitsitsa mkwatibwi wa eni ake, n'kunong'oneza mnzawo kuti, "Mtsikanayu wanenepa bwanji chimuonereni." Anadya zakudya za eni ake mpaka kukhuta, ndipo mmodzi analira ndithu ndi chisangalalo. Ukwati weniweni utayamba, onse anali akusinza. Mng'ono wa a Bong uja, podziwa mkulu wake, anawonjezera mopitirira muyezo, ndipo anafika anthu akusesa.

Lolemba tinawafunsa mmene zinayendera.

"Ndondomeko inali yabwino kwambiri," iwo anatero. "Anthu ndi amene anali olakwika."

Tsono kunabwera bwana watsopano wochokera ku Seoul, a Seol. Sanali munthu woipa, komanso sanali wopusa. Anangokhala ndi chilema chimodzi, ankakhulupirira kuti anthu akuluakulu ukawauza zoona amachita zanzeru. Nthawi imeneyo tinkakhoma chisitima chonyamula mafuta cha ogula a kunja, ndipo zinali zodziwika kuti chikachedwa, ntchito yotsatira ipita kwa anzathu okhoma sitima a tsidya lina, ndipo magulu ena a ife auzidwa kuti akapume kunyumba. A Seol anaitana a Bong.

"Bambo Bong, ndayenda m'magulu onse. Aliyense ali ndi tsiku lake. Sitimayi ndi imodzi kapena zilipo zisanu ndi ziwiri?"

"Ndi imodzi, bwana. Anthu ndiwo ambiri."

"Kuyambira lero muwauze tsiku lenileni. Onse limodzi."

"Bwana, choonadi n'chakudya cholemera. Anthuwa mimba zawo sizinazolowere."

"Awa si ana."

"Ana akanakhala bwino, bwana. Ana amaopa."

Koma lamulo ndi lamulo. Lolemba lotsatira a Bong anaima kutsogolo kwathu. Analemba pabolodi tsiku limodzi lokha, n'kunena kuti, "Ili ndi lenileni. Palibe chomwe ndabisa. Ndikulumbira pa manda a bambo anga."

A Tak anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Lero mwafika powadzutsa bambo anu? Ndiye kuti mwabisa mwezi wathunthu."

"Mphwanga, ndikunena zoona."

"Taonani mpaka thukuta. Akulu, inu munataya mwayi, mukanakhala wa zisudzo."

Sabata iliyonse a Bong ankalumbira mowonjezera, ndipo ife mitima inkakhala pansi mowonjezera. Anayamba kuyenda m'magulu, kugwira anthu malaya, kuwachonderera. Bwana Seol anatsika yekha kudzatsimikiza, ndipo ife tinagwedeza mitu mwaulemu, n'kumauzana atachoka kuti akuluwo alemba ntchito ngakhale bwana kuti awathandize sewero. Sitinagwirepo ntchito mwamtendere ngati miyezi imeneyo. Kenako kunabwera namondwe wa m'chilimwe, n'kutitsekera m'nyumba masiku angapo, koma sitinade nkhawa. Tinali ndi mwezi wathu wobisika uja.

Tinadzidzimuka m'mawa wina titaona anthu akukhoma tenti pafupi ndi sitima, akutsitsa mipando yoyera ndi maluwa, kukonzekera mwambo woipatsa dzina. A Tak anaima pakamwa pali yasa. Anapita kwa a Bong akuyankhula motsitsa ngati ali m'kachisi.

"Akulu, tsiku lija linali loona?"

"Ndinakuuza."

"Nanga bwanji simunatiuze bwinobwino?"

Zimene tinachita masiku otsalawo sindizifunira ngakhale mdani wanga. Owotcherera ankadya ali chiimire, a magetsi ankatukwanizana ndi a mapaipi m'timipata mosakwana munthu mmodzi, ndipo ife tinkapenta kumbuyo kwa a Tak chitsulo chisanazizire. Komabe tsiku la mwambo linafika titangomaliza mbali imodzi, yoyang'ana kwa alendo. Inali yokongola zedi, yofiira pansi, yakuda pamwamba, yowala ngati nsapato za mkwati. Gulu loimba likuliza malipenga, mayi woimira ogula aja akudula chingwe ndi kankhwangwa kagolide, anyamata anga anali lendelende mbali inayo, akupenta mwakachetechete. Ndinawauza kuti aliyense wotsokomola adikire ng'oma.

Mkulu wa ogulawo anapempha kuti azungulire sitimayo pa boti. A Bong, amene anali asananamepo kwa miyezi, anatsegula pakamwa ngati munthu womasula kusala kudya. Anati mbali inayo madzi ndi oipa, ndipo akhala bwino Lachisanu. Mkuluyo anayang'ana nyanja, imene inali bata ngati supu ya m'mbale, anayang'ananso kadontho ka penti kamene kanali pa phewa langa, n'kumwetulira. Anati Lachisanu ndi tsiku labwino. Tinamaliza Lachinayi, ndipo ntchito yotsatira inabwera kwathu.

Bwana Seol anawaitananso.

"Bambo Bong, kuyambira mawa muzinama."

"Mwandiwonongera kale ntchito, bwana. Tsopano akudziwa kuti nthawi zina ndimanena zoona."

Koma apo m'pamene panagona mwayi wawo. Kuyambira pamenepo palibe ankadziwa ngati tsiku limene walandira ndi labodza kapena ndi lija loopsa, ndiye tonse tinkathamanga. Zaka zomaliza za a Bong pantchito zinali zabwino kuposa zonse, ndipo kampani inawapatsa chikho chagalasi cholembedwa kuti ndi munthu wokhulupirika.

Atapuma ntchito ankabwerabe Loweruka kumalo athu odyera supu ya nkhumba ndi mpunga, pafupi ndi chipata. Chaka china tinaona kuti jekete layamba kuwakulira. Anadya pang'ono, anakankha mbale, n'kunena ngati akulengeza za zitsulo kuti adokotala apeza chotupa, ndipo awapatsa mpaka maluwa a chaka chamawa atayoyoka.

Tonse tinaika masipuni pansi. Kenako a Tak anawathirira madzi m'kapu, n'kunena kuti, "Mukati chaka chamawa, ndiye kuti zaka zitatu. Mwinanso zisanu. Ife timakudziwani."

A Bong anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe sudzaphunzira," anatero. Tsiku lomwelo anatikonzera ulendo wokawedza nsomba nyengo yofunda ikadzabwerera. Anagawa ntchito bwinobwino, wobwereka boti, wogula nyambo, wobweretsa mowa, ndipo anakangana ndi a Tak za tsiku lake mpaka supu inazizira.

Anamwalira kuzizira kusanayambe n'komwe, masamba akadali m'mitengo.

Kumaliro, titawerama pamaso pa chithunzi chawo, akazi awo, mayi Ok-bun, anakhala nafe patebulo. A Tak anali atafiira maso, ndipo ankayankhula ngati munthu amene wabedwa pamsika.

"Mlamu, anatiuza chaka chamawa."

"Adokotala anati masabata ochepa," mayiwo anatero. "Iye ndi amene anawonjezera. Anati akakuuzani zoona muzibwera kunyumba tsiku lililonse ndi nkhope zamaliro, n'kumamudyera zipatso zake."

A Tak anayang'ana chithunzi chija nthawi yaitali. "Moyo wonse munthuyu ankachotsa," anatero. "Kamodzi kokha kuwonjezera, n'kuwonjezera apa."

Kuntchito tsopano kuli mayi wachitsikana, a Yeo, wanzeru ndi waulemu, amene amakonza ndondomeko pa kompyuta. Tsiku limene wanena limakhala lomwelo, ndipo aliyense amaliona pa foni yake. Sitima zikutuluka monga kale, zina pa nthawi yake, zina mochedwa. Koma msonkhano wa Lolemba umatha tiyi asanazizire, ndipo anthu amatuluka mwakachetechete ngati achokera kwa dokotala wa mano. A Tak sanadikire n'komwe zaka zawo, anapempha kupuma. Akuti ntchito yopanda wokunamiza ilibe mchere.

Mwezi wathawu ndinapeza mayi Ok-bun atakhala okha pa benchi podikirira basi ya ku Busan, atavala bwino, kachikwama pamiyendo. Ndinayang'ana chikwangwani, n'kuwauza kuti basiyo ili kutali, mwina ola lathunthu.

"Ndikudziwa," anatero.

"Nanga mwafulumiriranji, mlamu?"

"Munthu akakunamiza nthawi ukwati wonse, thupi limazolowera. Kulikonse ndimafika asanatsegule zitseko, kuchipatala, kumsika, kwa mwana wanga." Anakonza mpango wawo m'khosi. "Kale ndinkadikira ndikumukalipira, iye ali apa akunamizira kuwerenga nyuzipepala. Ola linkatha osaliona. Pano ndimangodikira."

Ndinali ndi kopita, koma ndinakhala pansi pambali pawo mpaka basi inabwera.