Nyimbo Yodyetsera Lonjezo Phala

Usiku watha ndinalota zoti mpaka pano thupi likadali tsemwe, anzanga. Mukudziwa kuti Lonjezo wanga sadya phala pokhapokha kukulira nyimbo za mufilimu yachikondi ija ya ku vidiyo sho ya a Gwedeza, kuseri kwa nyumba yathu. Chipsereni sipika yawo mwanayu wangotseka pakamwa, ndipo kusikelo anandiuza kuti akatsikanso amugoneka m'chipatala.

Ndiye m'malotomo ndinali nditamubereka, supuni ndi mbale ya phala zili m'manja, ndikugogoda pa vidiyo sho. Sipika yopsa ija inatsokomola utsi n'kundiuza kuti nyimbo zonse zinathawira mufilimu momwemo, ndikazitenge ndekha. Supuni inati tiyeni mayi, phala likuzizira. Ndiye ndinamanga chitenje n'kulowa pagalasi la kanema ngati ndikulowa m'bafa.

Mwadzidzidzi ndili mumsewu waukulu wonyezimira, nyumba zake zotalika mpaka khosi kupweteka, mvula ikugwa koma osanyowetsa. Abale, kumeneko munthu aliyense amayenda nyimbo yake ikumutsata ngati anapiye. Mnyamata ndi mtsikana a mufilimu aja anaima pamlatho kuyang'anizana, ndipo pamwamba pawo mawu a mayi wina woimba nyimbo za soulu ankatsika pang'onopang'ono ngati uchi, magetsi a mumsewu n'kumawerama kuti amve. Ine ndinaiwala kupuma. Kenaka ndinawauza kuti pepani, chikondi chanucho chiyambe chadikira, ndabwera ndi mwana wanjala.

Ndiye anandilozera ku ofesi ya nyimbo. Bwana wake, wa tayi ndi chidindo, anandifunsa kuti sukulu ndinalekeza pati. Nditati Fomu 1, khosi lake linayamba kutalika, tayi n'kusanduka nthenga, mwadzidzidzi ndi kakowa waima patebulo ndi mwendo umodzi.

"Nyimbo zachikondi timapereka kwa awiriawiri," anatero kakowa. "Bambo a mwanayu ali kuti?"

"Ali ku Joni, bwana. Awiriwo ndife tabwerafe."

Kakowa anajompha chidindo chake n'kumeza. Ndiye zitseko zinatseguka zokha, anyamata oimba hipu hopu n'kutuluka akuthamanga, mawu akuthetheka ngati chimanga chokazinga, mnyamata aliyense kudzitama kuti wodyetsa mwana ndi iyeyo. Lonjezo anangowapatsa nkhongo. Soulu nayo inayesa, kumunyengerera ndithu, mwana anangoyasamula.

Mwadzidzidzi pansi panayamba kugunda. Inali rege, koma besi yokhayokha, kugunda kwake kwa pansipansi kuja, chinthu chachikulu ngati phiri la Soche, chikuyenda mosafulumira, mawindo a mzinda wonse akunjenjemera mochilonjera. Chinafika n'kugwada patsogolo panga, ine wa patapata woduka. Chinati mawu a nyimbo zija mwanayu sanawamvepo, chifukwa khoma la a Gwedeza limatsekereza zonse.

"Chimene chimaboola khoma ndine ndekha," chinatero. "Ndipo kagundidwe kanga ndinabwereka kwa inu, mayi, mukamamenya zovala pamwala uyu ali kumsana."

Ndinachifunsa kuti nanga ndichinyamula bwanji poti jumbo ndaiwala kunyumba. Chinaseka mpaka mlatho kugwedera, ndiye chinayamba kudzipinda, kudzipinda, mpaka chinakwana m'supuni. Ndinagogoda supuniyo pambale, di, di-di, di, Lonjezo n'kutsegula kukamwa. Magalimoto anaima, mvula inaima m'malere, okondana aja anasiyana manja, mzinda wonse kuonerera mwana wanga akumeza.

Kugogodako kunangopitirira, kukulirakulira, mpaka ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera. Lonjezo anali atakwawira padengu la ziwiya, akumenya mbale yake yapulasitiki ndi supuni, maso ali pa ine. Patapata sindinamufune n'komwe, ndinathamangira kukakoleza mbaula.