Galimoto Yosagwada

Lolemba

Mabaluni afika! Awiri, a labala wakuda, timapaipi take ndi kavalavu kopopera. Watumiza mwana wa achimwene wa ku Joni uja. Akuti ukawaika kumasipuling'i akumbuyo n'kuwapopa, galimoto sigwadanso ngakhale ikoke ngolo.

Lamulungu Eneless wanga akukwatiwa. Ndalumbira kuti akafika kutchalitchi pa galimoto ya bambo ake, itaima chilili, ngolo ya mipando ikutsata pambuyo. Za pa chinkhoswe zija ayi. Tsiku limenelo inakhala pansi kumbuyo ngati galu wodikira mkute, kunsi kukukwekweza miyala ya mumsewu wa esiteti, mpaka ankhoswe akuchimuna anatsika ndi masuti awo n'kumakankha. Mpaka lero othyola tiyi akabwera pa sikelo yanga amayamba ndi funso: "Akalaliki, yadzuka ija?"

Idzuka. Aona.

Lachiwiri

A Mulipa, amakaniko a pa Boma, alowa kunsi kwa galimoto tsiku lonse, miyendo yokha ikuoneka. Madzulo andipatsa pampu ya njinga. Ndikupopa, ndikupopa, galimoto ikukwera pang'onopang'ono. Yaima! Mtima wanga mbee.

A Mulipa akupukuta manja: "Achimwene, awa ndi owongola msana basi. Mphamvu ya injini sawonjezera." Ndavomera ndi mutu, koma maso anali pa galimoto.

Tamangirira ngolo, tapakira mipando yonse. Siyikugwada ngakhale pang'ono. Pobwerera ndadutsa pa shedi yoyezera tiyi kawiri, pomwe njira yakwathu sidzera kumeneko.

Lachitatu

Kavuto kakang'ono. Alamu anga a Nakhumwa afika kuchokera ku Masambanjati ndi nthochi za paukwati. Azungulira galimoto, awerama, asuzumira kumbuyo. "Alamu, iyitu sinadzaze."

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Kwathu kuno galimoto sitiyeza pa sikelo, timayang'ana kumbuyo. Ikagwada, yadzaza. Ikapanda kugwada, malo alipo, ndipo mwini wake akakana ndi womana.

Zakwera lero:
mikoko ya nthochi, yosawerengeka
zinanazi
mbatata thumba limodzi, lomwe alamu akulitcha "kathumba"

Palibe kanthu. Ndawonjezera mpweya. Yaimanso bwino, mwinanso kuposa dzulo.

Lachinayi

Mbiri yafika mpaka ku Mphuka kuti kwa akalaliki kuli galimoto yosadzaza.

Zakwera lero:
miphika ikuluikulu ya amayi ophika
nkhuni
jenereta
masipika a kwaya
matumba a mpunga
mbuzi ziwiri (izi zikwera Lamulungu, koma malo azisungira kale)
azakhali atatu (chimodzimodzi)

Ndayesa kunena kuti basi, yadzaza. Amake Eneless andikokera kuseri kwa khitchini: "Abambo, musatichititse manyazi. Anthu akuona okha kuti ili chilili."

Ine munthu woyeza tiyi zaka zonsezi! Pa sikelo sindinyengerera, tsamba lonyowa ndimabweza ngakhale mwini wake andiyang'ane ndi diso lofiira. Koma azakhali ungawabweze bwanji? Ndapopanso. Phewa likuwawa, koma galimoto ikukongola zedi. Zitheka.

Lachisanu

Ndaganiza zokasiya katundu wina kutchalitchi lero, kuti ndiyesenso ulendo. Pachigwa yayenda ngati ya bwana wamkulu. Pa chitunda cha pakati pa minda ya tiyi yayamba kulira. Giya yachiwiri. Yoyamba. Fungo la kalachi. Nthunzi kutsogolo, fuu! Yazima.

Kumbuyo kuli chilili ndithu, monyadira.

Othyola tiyi atula madengu awo kudzakankha. Mayi wina, akukankha yemweyo: "Akalaliki, lero ndiye yadzukadi. Kwatsala kuyenda."

Pa foni a Mulipa angoti, "Paja ndinati chiyani?" Akuti ndithire madzi ikazizira, ndipo ndichepetse katundu ngati ndikufuna injini ione ukwati. Tabwerera kunyumba chotsetsereka, katundu yense ali momwemo, dzuwa likupendeka. Sabata la mpingo wathu lalowa tisanatsitse ngakhale chinanazi.

Eneless wandipeza pakhonde. "Adadi, musadandaule. Zikavuta ndikwera kabaza."

Mwana wanga, ndi diresi loyera, pa kabaza, m'fumbi lofiira la kuno! Mawu amenewa andilasa. Chakudya sichinalowe.

Loweruka

Sabata. Sipanala sitigwira, pampu sitigwira. Kutchalitchi tapita wapansi. Ulaliki sindinaumve, Ambuye andikhululukire, m'mutu munali chitunda chokhachokha. Potuluka anthu ena anayi andigwira chanza mwaulemu n'kupempha malo a mawa. Wina akuti iye ndi wopepuka.

Masana ndakhala pampando kuyang'ana galimoto. Mawu anga sawamva anthuwa. Mawu a makaniko sawamva. Amamva galimoto yokha, ndipo ine ndaitseka pakamwa ndi mabaluni.

Ndayang'ana kavalavu kaja nthawi yaitali. Kodi kuphwetsa mpweya ndi ntchito? Sindikufuna kukangana ndi chikumbumtima. Ndidikira.

Lamulungu

M'mawa, anthu akusamba. Kamtengo ka machesi pa valavu. Psiiii. Galimoto yatsika, yatsika, yakhala pansi ngati kale, mwinanso kuposa.

Woyamba kutuluka ndi alamu a Nakhumwa, thaulo paphewa. Agwira kumutu. "Aaa! Ndani wapakira chonchi? Mupha galimoto ya alamu anga! Tsitsani, tsitsani!" Iwo omwe ndiwo kapitawo wotsitsa. Nthochi zapita pa njinga, miphika pamitu, jenereta pa wilibala, mbuzi zayenda ndi miyendo yawo monga zinalengedwera. Azakhali ayang'ana kumbuyo kwa galimoto, apukusa mitu, ati akwera minibasi. Palibe wandinena kuti ndine womana. Ena andipepesa.

Yatsala ngolo ya mipando, amake Eneless, Eneless ndi ine. Apa ndikanapopa, ikanaima bwino ndi kukwera chitunda bwino. Ndatenga pampu. Ndacheuka: alamu aima poteropo, mkoko womaliza uli paphewa, maso ali kumbuyo kwa galimoto. Ikangodzuka, katundu yense abwereramo. Pampu ndaibweza.

Tanyamuka chogwada. Kunsi kwe, kwe, kwe pa miyala, ndendende za pa chinkhoswe. Chitunda takwera osazima, wokankha sanafunike. Ine thukuta, manyazi, ndikufuna kuponda moto kuti tidutse msanga pamakomboni. Eneless wandigwira phewa, akuseka misozi ili m'maso: "Adadi, pang'onopang'ono. Ndi galimoto yathu iyi, anthu andione."

Ndachepetsa. Amayi a m'makomboni atuluka ndi nthungululu. Tafika belu lisanalire, ndipo potsika diresi silinavute, poti chitseko chinali pafupi ndi pansi.

Mabaluni ali kunsi komweko, opanda mpweya. Akhale. Mawa pa sikelo akandifunsa kuti yadzuka ija, ndiwauza kuti ayi, yagwada, ndipo mwana wanga wakwatiwa.